Selo la Nsomba mu Holo ya Sukulu

Lolemba, 24 Okutobala 1988

7:40 m'mawa. A Hedi andiitanira mu ofesi yawo. Sanandiuze kuti ndikhale, koma nkhani yake yaposa mpando!

Akuti kalata yafika. Sukulu yaloledwa kulemba munthu wokhazikika wothandiza mu labotale. Ofuna malowo tilipo awiri: ine wa Sitandade 8, ndi bambo wina wa m'tauni amene ali ndi satifiketi ya Fomu 2. Mawu a a Hedi: "Loweruka kuli tsiku la makolo. Tione manja anu Loweruka."

Ndakhala ndikugwirizira malo amenewa chipumireni a Gondwe pa 13 Juni 1986. Zaka 2, miyezi 4, masiku 11. M'buku la ofesi ndidakali wosesa panja. Masiku onsewa ndaswa botolo limodzi lokha, nalonso linali long'aluka kale.

10:15. Ndikutsuka mabotolo kuseri kwa kabati, Mayi Matewere akuphunzitsa Fomu 3. Mayiwa ndi aphunzitsi a Bayoloje, achoka ku koleji chaka chathachi, amayankhula ngati basi ikuwasiya. Mutu wa lero ndi selo. Ndatseka mpopi kuti ndimve bwino.

Zimene ndamva:

1. Thupi lonse ndi maselo, tinyumba tosaoneka ndi maso. Izi ndinkadziwa, ndinaonapo a anyezi pa maikulosikopu.
2. Koma m'selo muli zipinda! Izi sindinkadziwa!
3. Chipinda china chimapanga mapuloteni, omwe ndi antchito a m'selo. Dzina lake ndi lalitali. Ndalilemba pamkono, sopo wafufuta. Ine ndizingoti Kopangira.
4. Akapangidwa amapita ku chipinda chotchedwa Goji. Kumeneko amayang'ana chizindikiro cha aliyense n'kusankhula: uyu atuluke kunja kwa selo, uyu apite ku Laisosomu, uyu wasochera, abwerere Kopangira.
5. Laisosomu ndi kophwanyira zakutha. Zidutswa zake sizitayidwa, amamangira zatsopano.
6. Onyamula katundu ndi timatumba. Tikatula katundu timabwerera kukatenga wina.

Ndiye kuti pamene ndikulemba pano, m'chala changa chachikuluchi anthu ali kalikiliki kusankhula katundu ngati amayi padoko bwato likangofika. Ndipo sakangana! Ndachiyang'ana chalacho kwa nthawi.

12:30. Mayi Matewere akudandaula. Amafuna kujambula selo lalikulu la makolo, koma mapepala aakulu anatha temu yatha. Ndatsokomola kawiri. Kenako ndanena maganizo anga: bwanji selolo tilimange pansi mu holo, lalikulu loti anthu alowemo, ana akhale onyamula, mapuloteni akhale nsomba zouma za mitundu itatu?

Aseka kaye. Akuti mapuloteni a m'selo si nsomba. Ndati ndikudziwa, mayi, koma kholo la kuno likaona usipa lidziwa kuti ndi usipa lili pakhomo, pamene pepala lolembedwa liyenera kuliyandikira. Kenako akuti: "Bambo, mwandiposa. Chitani."

Mwandiposa! 12:41 ndendende.

Zofunika:
chingwe chakutha cha khoka, chikhale malire a selo
nsomba 300
ulusi wa mitundu itatu
nsengwa 6
ndowa 2
madesiki, matebulo, ana

Lachiwiri, 25 Okutobala

5:10 m'mawa. Ndanyamuka panjinga, wa ku Nkope kwa alamu anga a Daudi, asodzi. A Hedi andipatsa theka la tsiku.

Alamu amva zonse ali chikhalire pamwamba pa bwato lovundikira. Sanamvetse za Goji, koma andidzazira dengu osafunsa kanthu, chingwe chakutha andipatsanso. Akuti: "Nsomba zopita kusukulu? Zikalimbikire, zikabwere ndi satifiketi."

Ndasankha zofutsa ndi zowamba kuti mu holo musanunkhe, ntchentche zisachititse manyazi pamaso pa makolo. Nzeru!

Ndawerenga pamchenga pomwepo:
usipa 150
utaka 100
kambuzi 80
Zonse 330.

Anthu awiri andithandiza kukweza dengu panjinga ndi kumanga ndi mphira. Ndawapatsa usipa 10 aliyense. Padoko wogwirako dzanja sapita chimanjamanja, ngakhale mwana amadziwa.

Pamsewu achinyamata a chipani akuona makhadi. Langa lili m'thumba la malaya ngati masiku onse, m'kapepala ka pulasitiki. Aliona, abweza. Mmodzi wavundukula dengu, akuti akuthandiza kuona ngati lamangidwa bwino. Utaka 10.

Ndafika kusukulu 11:35 ndi usipa 130, utaka 90, kambuzi 80. Zonse 300. Ndendende monga ndinalembera dzulo! Ichi ndi chizindikiro chabwino.

4:30 madzulo. Kunyumba. Akazi anga, Mayi a Rute, asolola ulusi m'majuzi awiri akale ndi m'sokosi imodzi. Tikumanga kumchira kwa nsomba iliyonse:
wofiira pa usipa, otuluka kunja
wabuluu pa utaka, opita ku Laisosomu
woyera pa kambuzi, obwerera Kopangira

Mchira wa usipa umathothoka ukaukoka. Ndaphunzira kumanga pang'onopang'ono. Tamaliza 6:50, maso akuwawa, mtima uli mbee.

Nsengwa zapezeka zonse 6. Mayi a Rute aziika patsogolo panga imodziimodzi. Akuti: "Zanga ndi ziwiri. Zinayizi ndabwereka kwa amayi anzanga a kutchalitchi, ndabwereka ndi nkhope yangayi." Ndawauza kuti asade nkhawa, m'selo chonyamulira chimabwerera nthawi zonse, ndi lamulo la chilengedwe. Andiyang'ana, abwerera kukhitchini.

Lachitatu, 26 Okutobala

Selo laima!

Che Bwanali, ophika a sukulu, andithandiza kunyamula madesiki. Munthu wabwino. Chingwe chazungulira holo yonse, masitepe 64, n'kusiya mpata umodzi kutsogolo. Ndilo khomo la selo. Kunja kwa khomolo ndaika ndowa yothiramo usipa wotuluka.

Ana 19:
Kopangira 4
Goji 5, pa matebulo atatu ondondozana
Laisosomu 3, pakona, ali ndi ndowa yawo ndi mapepala akale a mayeso oti azing'amba
onyamula nsengwa 6
Nyukiliyasi 1

Nyukiliyasi ndi mwini malamulo a selo. Mayi Matewere apereka udindowu kwa mnyamata wamtali wa pakona yakumbuyo, akuti bola akhale poonekera. Wakhala pampando pakati pa holo, wapinda mwendo. Ntchito yamuyenera.

2:05 masana. Mayi aomba m'manja. Kopangira akutumiza nsomba zosakaniza. Goji akusankhula ndi ulusi. Wofiira uko, wabuluu uko, woyera abwerere! Wotsogolera onyamula ndi Asiyatu, mtsikana wofatsa, amayenda ngati wasenza madzi odzaza. Akuthira usipa mu ndowa ya pakhomo, akutembenuka, akubwerera ku Goji nsengwa ili pululu, akudzazanso. Anzake asanu pambuyo pake. Palibe wogundana ndi mnzake!

Ine ndaima pazenera, tsitsi likundinyerenyetsa. Chinthu chimene chili m'chala changa ndikuchiona ndi maso, chikuyenda ndi miyendo!

Mayi akuti: "Izi ngakhale ku koleji sitinazione." A Hedi asuzumira pakhomo, aima mphindi 3, agwedeza mutu. Kugwedeza kwake ndi kopita pansi, osati kwa m'mbali. Ndaonetsetsa.

3:20. Ana apita. Ndikuwerenga nsomba ndisanatseke.

usipa 96
utaka 73
kambuzi 74
Zonse 243.

Ndawerenganso. 243. Ndayang'ana pansi pa madesiki, kuseri kwa chitseko, m'thumba langa. 243.

Zasowa 57. Ana ndi 19. Ndagawa papepala: 3 aliyense, osatsala kanthu. Masamu oyera chonchi sachitika mwangozi.

4:00. Ndawapeza ku mjigo. Sakukana n'komwe! Wa ku Goji wina akuti: "Sitinabe, bambo. Tanyamula nawo." Akuti anaika pamodzi n'kugawana mofanana kuti pasakhale wodandaula. Ndafunsa Nyukiliyasi kuti nanga iye wanyamula chiyani, popeza wangokhala. Akuti: "Mwini bwato naye amalandira, bambo."

Ndinene chiyani? Dzulo lomweli ine ndapereka 20 padoko ndi manja anga. Ndipo ana awa adya nyemba zofumbwa chitsegulireni sukulu. Cholakwa ndi changa: ndinabweretsa zofutsa ndi zowamba, zongotola n'kuponya m'kamwa.

Komabe selo layenda! 243 ndi zambiri.

Lachinayi, 27 Okutobala

6:15 m'mawa. Ndowa ya Laisosomu yapepuka. Utaka dzulo ndinausiya mmenemo, 73. Lero 42.

Makiyi a holo ali ndi anthu atatu: a Hedi, ine, ndi che Bwanali, chifukwa mabenchi odyera amasungidwa mmenemo.

Che Bwanali akusenda anyezi, sakundiyang'ana. Akuti: "Achimwene, madesiki aja ndi olemera. Komanso ana andiuza kuti za mu ndowa imeneyo ndi zogwiritsanso ntchito, sizitayidwa. Ndiye ndagwiritsa." Sayansi aimva bwino, koma theka lokha. Utaka 31 uli mumphika wa aphunzitsi, ndi tomato.

Ndafunsa ngati anamasula ulusi. Akuti ulusi wanji.

12:50. Ndikudutsa pa zenera la chipinda cha aphunzitsi, osati mwadala. A Hedi akusolola kanthu m'mano. Kakutalika. Kabuluu. Akukayang'ana padzuwa. Aphunzitsi a Masamu akuti: "Masiku ano nsomba zikubwera zosokedwa kale." Ndafulumira kupita ku labotale, ndatsuka mabotolo oyera kale.

Mayi Matewere akuti ndisaope, a Hedi aseka pamapeto pake. Sindinaione ndekha nseko imeneyo.

1:30. Nzeru yatsopano! Pakamwa poimba sipatafuna. Ana onse 19 aziimba selo likamayenda. Ndasankha nyimbo ya chipani, chifukwa imeneyo palibe mwana angayerekeze kuisiya pakati.

2:05. Zikutheka! Holo yonse ikulira, nsengwa zikuyenda ndi nyimbo, miyendo ikutsata. Zakoma kuposa dzulo! Mayi akuti Loweruka tichite chomwechi, alendo adzakondwa. Ndayang'ana pakamwa pa aliyense. Palibe nsagwada yoyenda molakwika.

3:15. Usipa 77.

Dzulo unali 96. Wasowa 19. Mmodzi aliyense. Pakamwa panali potanganidwa, koma yunifomu ili ndi matumba.

Akuti achepetsa dala, chifukwa cha ulemu. Asiyatu yekha wabwera kudzapepesa, atagwira usipa wake m'manja, koma mutu wadya kale. Ndamuuza amalize.

usipa 77
utaka 42
kambuzi 74
Zonse 193.

Kambuzi sakumufuna kwenikweni, ndi waminga. Ndikanadziwa, selo lonse likanakhala la kambuzi.

Ndawerengera: zikapitirira chonchi, Loweruka makolo adzaona ana akuyendetsa nsengwa zopanda kanthu akuimba. Bambo wa Fomu 2 uja ndamuona lero pa ofesi, wavala taye. Wabweretsa kalata ina. Nsapato zake zimalira.

5:30 madzulo. Ndakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, ndikuganiza. Ndatafuna tsamba limodzi osadziwa. Ndalavula. Ndayang'ana m'mwamba.

Nimu!!

Lachisanu, 28 Okutobala

4:50 m'mawa. Masamba a nimu odzaza lichero, ndawiritsa mumphika waukulu mpaka madzi abiriwira. Mayi a Rute akufunsa kuti wadwala malungo ndani. Ndati palibe, ndi za sayansi. Akuti mphikawo ndiutsuke ndekha.

6:30. Kuseri kwa labotale. Nsomba zonse 193 ndazinyika m'madziwo, mphindi 5 gulu lililonse, ndaziyanika pa lata. Dzuwa la Okutobala silichedwa. 11:00 zauma gwa. Maonekedwe omwewo. Fungo lomwelo. Ulusi sunasuluke. Ndanyambita mchira umodzi kuti ndiyese.

Mayo!

Ndamwa madzi makapu atatu. Zatheka!! Si poizoni, anthu amamwa nimu akadwala. Kungoti lilime limakumbuka.

Sindinauze munthu kupatula Mayi Matewere. Agwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

1:00 masana. Kuyeserera komaliza, tayamba msanga chifukwa holo iyenera kukolopedwa. Koma onyamula atatu apita ku mzikiti ku Juma, sanabwerere, ndipo nsengwa zawo anazitsekera m'kalasi kuti zisasowe. Tayamba ndi atatu otsala.

Taonani zochitika! Goji yadzaza. Nsomba zaunjikana pa tebulo loyamba, zikugwera pansi. Osankhula asokonezeka, akungothira chilichonse m'nsengwa imene yafika. Utaka wa ulusi wabuluu wapezeka mu ndowa ya kunja. A ku Laisosomu akhala manja lende, mapepala oti ang'ambe aunjikana mpaka m'mawondo.

Ine thukuta. Koma Mayi akudumpha! Aimitsa onse, akuti tayang'anani, izi ndi zenizeni. M'selo lenileni, chonyamula chikapanda kubwerera ku Goji, antchito a ku Laisosomu amasochera n'kutulukira kunja, zakutha zimadzaza m'selo, munthu n'kudwala. Akuti mphamvu ya selo si kutumiza kokha ayi, koma kubweza chonyamulira.

Ndalemba mawu amenewa pachikuto cha kope ili. Ngakhale selo langa likalakwa, likulakwa mwa sayansi!

1:40. Atatu aja afika, nsengwa zakwana 6, zonse zayenda myaa. Kawiri konse.

Pakati pa ulendo woyamba, Nyukiliyasi wasiya kuimba, nkhope yakwinyika ngati chikwama cha fodya, wathamangira panja. Pambuyo pake wa ku Goji mmodzi. Kenako mawu ayenda m'makutu. Palibenso dzanja lolowa m'thumba.

3:10.
usipa 75
utaka 42
kambuzi 74
Zonse 191.

Ziwiri zokha! Ndipo zidutswa zake ndazipeza panja pa zenera.

Che Bwanali adutsa, ayang'ana ndowa, apitirira. Nawo amva.

Mawa mlendo wolemekezeka ndi a tcheyamani a chipani a dera lino. Malaya oyera asitidwa. Mayi a Rute akuti adzabwera kudzaona nsengwa zawo zikugwira ntchito ya boma.

Ndikuona ngati ntchito ija ndi yanga. Ndalemba motsitsa, koma ndalemba.

Loweruka, 29 Okutobala

6:00. Chingwe chili m'malo. Nsomba 191. Nsengwa 6. Ana 19, onse osamba.

8:30. A Hedi alowa kudzayendera. Akuti mipando ya alendo ikhale kutsogolo, pansi pa chithunzi cha a Pulezidenti, pomwe pali khomo la selo, kuti aone bwino. Chabwino. Kenako aona ndowa. Akuti: "Ndowa pamapazi pa a tcheyamani? Chotsani." Ndati bwana, ndi mothira usipa wotuluka. Akuti ana azingoika pansi mwaulemu. Ndayamba kufotokoza za Goji, koma apita kale kukaona mbendera.

Ndowa ndachotsa. Ndikufuna kuuza Asiyatu, koma ana onse awatengera kumsewu kukaima pamzere wolandira alendo.

9:00. Nthawi yoyambira. Alendo kulibe.

10:50. Landirova yafika. Nyimbo, nthungululu. Makolo adzaza m'mbali mwa chingwe, ena m'mazenera. Mayi a Rute ali kumanzere ndi amayi anzawo anayi, eni nsengwa. Ana alowa mothamanga, aliyense pamalo pake. Mpata woyankhula nawo palibe.

A tcheyamani akhala. Mawondo awo ali pakhomo penipeni pa selo.

11:12. Mayi Matewere afotokoza bwino kwambiri, pang'onopang'ono lero. Atchula kuti maganizo onsewa ndi anga! Makolo atembenuka kundiyang'ana. Aomba m'manja. Nyimbo yayamba.

Goji akusankhula, 15 m'nsengwa iliyonse monga tinapanganirana. Asiyatu wanyamuka ndi usipa. Wafika pakhomo. Akuyang'ana ndowa. Ndowa palibe. Pali munthu wamkulu, iye ali chiimire patsogolo pake, chakudya chili m'manja.

Mwana woleredwa bwino angatani?

Wagwada.

A tcheyamani amwetulira, alandira ndi manja awiri. "Zikomo, mwana wanga." Apereka kumbuyo kwa dalaivala. Ndi nsengwa yomwe!

Makolo m'manja phwaphwaphwa.

Wachiwiri wafika, waona mnzake wagwada, wagwada. Wachitatu ndi wa ulusi wabuluu, njira yake ndi ya ku Laisosomu, koma angadutse bwanji ndi ndiwo pamaso pa mlendo anzake atapereka? Wakhota. Wagwada. Ine ndikukupiza manja pazenera. Akuganiza kuti ndikuti afulumire.

Wachinayi. Wachisanu. Wa kambuzi, woti abwerere Kopangira, naye wapita kutsogolo.

11:16. Mphindi 4. Nsengwa 6, nsomba 90, zonse zili mu Landirova.

Selo laima chilili. Onyamula ali manja m'mbali. Goji yadzaza. Nyimbo ikupitirira chifukwa palibe angaisiye. Nyukiliyasi akuyang'ana kudenga. Sindinayang'ane kumanzere, koma kutentha kochokera kumeneko ndikukumva patsaya.

Mayi Matewere, Mulungu awadalitse, akweza mawu: "Makolo, mwaona! Chonyamulira chikapanda kubwerera, selo limadwala!" Ayang'ana a tcheyamani mwachiyembekezo. A tcheyamani agwedeza mutu, akuti phunziro labwino. Dalaivala watseka chitseko cha galimoto.

Mphatso ya a tcheyamani ndani angaiitanitse?

11:30. Zoyankhula. A tcheyamani akuti ayenda sukulu zambiri, koma sanaone ana aulemu ndi opatsa ngati awa. Akuti sayansi yotere ndiyo chitukuko. Mwina zitha bwino! Mwina!

Ayika dzanja m'thumba la jekete. Anasungako usipa mmodzi. Akuti iwo ndi mwana wa kunyanja, usipa wabwino amaudziwa ndi dzino.

Ndatseka maso. Ndatsegula.

Akutafuna. Asiya. Diso lamanzere latsinzina lokha. Anthu onse akuwayang'ana, ndiye sangalavule. Atafuna mpaka kumeza, ndi ulusi womwe. Ana 19 akuyang'ana pansi, mapewa akunjenjemera.

Mawu atuluka aang'ono: "Wakonza nsombazi ndani?"

A Hedi andiloza ndi milomo.

"Kuwawaku kukutanthauza chiyani?"

Funso lotere masiku ano si lofunsa kukoma kwa ndiwo. Mayi Matewere ayankha m'malo mwanga, zoona zokhazokha: ndi nimu, bwana, anathira kuti ana asamadye.

"Ndiye ine ndine mwana?"

Che Bwanali abweretsa tiyi wa shuga wambiri mothamanga. Makapu awiri. A Hedi aperekeza alendo mpaka ku galimoto akuwerama njira yonse. Landirova yapita 12:05. Nsengwa zili momwemo.

2:00. Ndakulunga chingwe. Ndasesa. Zotsala pa Goji: 101.

Kwa mphindi ziwiri zoyambirira, selo linayenda bwino kwambiri. Izi zilembedwe.

Lamulungu, 30 Okutobala

Kutchalitchi. Amayi anayi aja akhala benchi la kutsogolo kwathu. Pa nthawi yopatsana mtendere andipatsa nsonga za zala.

Titatuluka, a Hedi andiitanira pansi pa mtengo wa mango. Sanakalipe. Akuti dzulo madzulo anapita okha kwa a tcheyamani ndi nkhuku, nkhani yatha, sipita patali, ndithokoze Mulungu. Ndathokoza. Akuti a tcheyamani afunsa ngati munthu wothira zinthu m'chakudya ndi woyenera kusunga makiyi a kabati ya mankhwala.

Bambo wa Fomu 2 ayamba Lachiwiri, pa 1 Novembala. Ine mawa ndipereke makiyi, ndimuonetse pokhala mabotolo, kenako ndikatenge tsache kwa a kapitawo.

Ndafunsa za nsengwa, motsitsa. Akuti: "Bambo inu."

Zaka 2, miyezi 4, masiku 17.

Mayi Matewere anditumizira kakalata. Akuti ana a Fomu 3 sadzaiwala Goji mpaka imfa, ndipo akamaphunzitsa ndizisesa pafupi ndi zenera. Mutu wa sabata ino akuti ndi mmene selo limagawikira pawiri. Ndiyambira mbali imeneyo, masamba a mango amagwa ambiri kumeneko.

Nsengwa zinayi ndiluka ndekha. Ndinaphunzira ndili mwana ku Malindi, manja akumbuka. Nsungwi ndikadula Loweruka.

12:30. Nsomba 101 zija ndinabwera nazo. Ndati tizikwirire. Mayi a Rute akuti kwawo nsomba sataya, ndipo sayamba lero. Azitsuka katatu, aziwiritsa, ataya madzi, aziwiritsanso, athira tomato ndi anyezi.

Nimu alipobe.

Tadya, 5 iwo, 5 ine. Akuti tizidya 10 patsiku mpaka zithe. Ndawerengera: lero mpaka Lachiwiri pa 8 Novembala ndi masiku 10, nsomba 100. Lachitatu pa 9 Novembala itsala imodzi.

Akuti imeneyo ndi yanga.